Madamu Msiska ndi Chipinda cha Kuseri

Mwezi wamawa tikupita kumpoto kukamanga chiliza cha Madamu Msiska. Mwana wawo, a Vitumbiko, anandiimbira foni kundipempha kuti ndisankhe nsalu yoti azimayi tikavale tsikulo, poti ine ndimagulitsa nsalu ku Old Town. Ndinavomera mwaulemu, koma foni itaduka ndinayamba kuseka ndekha m'shopu, mpaka mayi wina amene ankasankha zitenje anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Madamu nsalu zofanana sankazifuna. Ankati anthu akavala zofanana amaganiza kuti agwirizana, pamene aliyense mumtima ali ndi zake. Ndiye taonani, ife amene tinkawaopa ali moyo tikukawazungulira titavala chimodzimodzi ngati kwaya.

Ine si m'bale wawo. Anandiphunzitsa Chingerezi ndili m'makalasi omalizira a pulayimale, pasukulu ina ya chakumsika waukulu, ndipo kuyambira pamenepo sanandisiye, kapena ndinene kuti ine ndi amene sindinawasiye. Ndinakwatiwa, ndinabereka, imvi zinamera, koma mpaka tsiku lomaliza ndinkawaitana kuti Madamu. Iwonso ankandiitana dzina langa lapasukulu lonse lathunthu, ngati akuitana mayina m'kalasi.

Kumbali tinkawatchula kuti a Tsekani. Dzinali linabwera motere. Pa phunziro la kumvetsa nkhani, lija ana amati komprehenshoni, pamakhala ndime ya Chingerezi, ndipo pansi pake pamakhala mafunso. Aphunzitsi ambiri ankatiuza kuti tiyambe taona mafunsowo, kenaka tikasake m'ndimemo chiganizo chokhala ndi mawu ofanana ndi a funso, tikopere, nkhani yatha. Madamu ayi. Iwo ankatiuza kuti tiphimbe mafunso ndi chikhatho, tiwerenge ndime chamumtima, tibwerezenso modekha. Kenaka tinkangomva mawu awo aja, osakuwa koma omveka mpaka kumbuyo: "Tsekani mabuku."

Akatero ankaloza mmodzi wa ife ndi choko. "Iwe, tatiuza. Chachitika n'chiyani m'menemo? Nena m'Chichewa, ngati ukuwauza amayi ako."

Apa ndiye panali kutuluka thukuta. Anzathu ena odziwa kupinda lilime, amene ankawerenga mokweza ngati owulutsa nkhani pawailesi, ankangoti kukamwa yasa. Munthu wokopera chiganizo asanachimve Madamu ankamufanizira ndi kondakitala wa basi amene wapatsidwa phukusi kuti akasiye kudepoti. Amalifikitsa ndithu, losang'ambika, koma mukamufunsa kuti muli chiyani, sadziwa.

Mafunso awo sanali a m'buku. Ankafunsa kuti munthu wa m'nkhaniyo akufuna chiyani, ndipo akuopa chiyani. Ukayankha, ngakhale utakhoza, ankakweza nsidze n'kufunsa kuti wadziwa bwanji. Pamenepo mpamene ankalola kuti utsegule buku, uike chala pamzere womwe wakuuza zimenezo. Tikafika pa mafunso enieniwo tinkaona ngati masewera. Ndivomereze kuti nthawi imeneyo sitinkawakonda kwenikweni. Kalasi ina inkamaliza ndime zitatu ife tidakali pa imodzi, ndipo tikadandaula ankatiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chodabwitsa n'chakuti mayi amene ankatikakamiza Chichewa m'kalasi ya Chingerezi sanali Mchewa. Kwawo kunali kumpoto, ndipo anthu akwawo ankawaitana ndi dzina la kwa makolo awo, kuti anyaMhone. Anabwera ku Lilongwe ndi amuna awo, amene ankagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo Chichewa anachiphunzirira pamsika, pokanganirana mtengo wa tomato. Mpaka kukalamba ankachilankhula ndi kamvekedwe kakwawo, ife n'kumawayesezera panjira popita kunyumba. Nditakula ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani ankachilimbikira choncho. Anandiyankha kuti si nkhani ya kukonda chilankhulo ichi kapena icho, koma kuti madzi umatungira m'ndowa yomwe uli nayo. Anawonjezera kuti akanaphunzitsa kwawo, bwenzi akunena zomwezo m'Chitumbuka.

Ahedi athu a nthawi imeneyo, a Kachere, zimenezi sankazimva. Pasukulupo panali lamulo loti wolankhula Chichewa azitchetcha udzu wa pabwalo. Tsiku lina akudutsa pawindo anamva mnzathu wina akufotokoza ndime m'Chichewa chakumudzi kwenikweni, mwambi ndi mwambi. Analowa nkhope itakwinyika n'kufunsa kuti wachititsa zimenezi ndani. Madamu anati ndi iwo, ndipo anafunsa mwaulemu kuti chilango chake n'chiyani. Ahedi anati akuchidziwa kale. Belu la buleki litalira, tinangoona Madamu akutuluka m'sitolo ya sukulu ndi chikwakwa, atamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kuyamba kutchetcha kutsogolo kwa ofesi ya ahedi yeniyeniyo. Sukulu yonse inaunjikana. A Kachere anatuluka akuwapempha kuti asiye, iwo n'kumayankha kuti sanamalize gawo lawo.

Awiriwa anakangana zaka zonse zimene anagwira ntchito limodzi, ndipo palibe amene anagonja. Pamaliro a Madamu ndinawaona a Kachere atakhala pampando wapulasitiki, ndodo ili pakati pa miyendo. Nditawapatsa moni anandigwira dzanja nthawi yaitali. "Mayi uja anali wovuta," anatero, "wovuta zedi." Atatero anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta m'maso.

Ananena zoona. Madamu anali ovuta, ndipo sindikufuna kuwapaka mafuta chifukwa choti anamwalira. Kupepesa sankakudziwa. Kutchalitchi alaliki achinyamata ankati akawaona atakhala kutsogolo, ankalalikira mosamala, chifukwa potuluka ankawadikirira pakhomo n'kuwafunsa ngati ndime imene awerenga ikunenadi zimene alalikira. Kufamase sankachoka pakauntala asanawerenge kapepala konse ka m'bokosi la mankhwala, mzere wa anthu kumbuyo ukung'ung'udza. Amati tsabola wakale sawawa, koma uyu ankawawabe.

Amuna awo atamwalira, iwo atapuma ntchito ndipo miyendo itayamba kuvuta, a Vitumbiko anawatenga kuti azikakhala nawo ku Area 47. Nyumba yake ndi yaikulu, ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. A Vitumbiko nawonso ali ku Capital Hill ngati bambo awo, koma iwo ndi apamwamba, a galimoto yaboma. Anawapatsa amayi awo chipinda chabwino chokhala ndi bafa lakelake. Ine ndinkapitako Lamlungu masana, nditanyamula mbatata kapena chinangwa zochokera kumudzi kwathu, poti zakusitolo Madamu ankati zilibe fungo.

M'nyumbamo munali lamulo limodzi. Mwana yekhayo wa a Vitumbiko, Tawonga, ankayenera kulankhulidwa m'Chingerezi basi. Ngakhale mayi wantchito anauzidwa kuti ngati Chingerezi chamuthera, ndi bwino angokhala chete. Lamuloli linachokera kwa amake Tawonga, ndipo sindingawaweruze. Iwo anakulira kumudzi ngati ine, ndipo anandiuzapo mmene anthu anawasekera pa intavyu yawo yoyamba chifukwa cha katchulidwe kawo. Analumbira kuti mwana wawo sadzasekedwa choncho. Madamu anamvera lamulolo kwa kanthawi. Chingerezi anali nacho chokwanira kugawira nyumba yonse, ndiye ankaona kuti palibe chovuta.

Zinasintha Lamlungu lina kutabwera alendo, anzawo a a Vitumbiko akuntchito ndi akazi awo. Titatha kudya, amake Tawonga anamuitana mwanayo kuti awerengere alendo ndime ya m'buku lake lakusukulu. Anali kamtsikana kowala maso, ka zaka zosapitirira khumi ndi ziwiri. Anaima pakati pa balaza n'kuwerenga, ndipo ndikunena zoona, mukanatseka maso mukanati mwalowa mzungu. Nkhani yake inali ya anyamata awiri apachibale amene ankawoloka mtsinje wosefukira pochokera kusukulu. Wamkulu anabereka wamng'ono kumsana. Kumapeto kwa ndime, wamng'onoyo anafika pakhomo yekha, atanyowa, atanyamula zikwama ziwiri, ndipo mayi wawo atamuona anakhala pansi pakhonde osafunsa kanthu.

Tawonga anamaliza akumwetulira, n'kuwerama pang'ono monga anamuphunzitsira kusukulu. Alendo anawomba m'manja. Mayi wina anati, "Eee, koma akisenti yake! Uyu ndiye wa kunja basi."

Madamu sanawombe. Anamuitana mwanayo pafupi n'kumufunsa m'Chingerezi, mofatsa, kuti mnyamata wamkulu uja ali kuti. Tawonga anayang'ana m'buku, anapeza chiganizo chomwe chinali ndi dzina la mnyamatayo, n'kuchiwerenganso mokoma ngati poyamba. Madamu anabwereza funso. Mwanayo anati bukulo silinanene. Apa Madamu anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'balazamo analankhula Chichewa Tawonga ali pompo.

"Vitu, mwana uyu wawerenga maliro akumwetulira. Ndipo nonse mwawomba m'manja."

Alendo anayamba kukumbukira kuti ali ndi kwina kopita. Atachoka, ine ndinkafuna kuzemba, koma Madamu anandigwira chitenje kuti ndikhale. Amake Tawonga anali akulira kukhitchini chifukwa cha manyazi. A Vitumbiko anaima pamaso pa amayi awo.

"Amama, mwatichititsa manyazi pamaso pa anthu. Mwana amakhoza bwino, malipoti ake mumawaona."

"Amakhoza kukopera. Mundipatse ine masana aliwonse, ndizimufunsa m'chilankhulo chimene ndingafune, nayenso aziyankha m'chimene angathe. Ine sindikufuna kufa mwana uyu asanamve chimene akuwerenga."

"Ayi, amama. Tinagwirizana kale. M'nyumba muno ndi Chizungu."

Madamu anafunsa ngati mmene ankafunsira m'kalasi. "Wati m'nyumba muno?"

"Eya, m'nyumba muno."

"Chabwino, ndamva."

A Vitumbiko anaganiza kuti nkhani yatha. Iwo anakula ndi mayi ameneyu, koma tsiku limenelo sanamve chimene chinanenedwa. Patapita masiku ochepa Madamu anandiimbira foni kushopu kuti ndiwabweretsere nsalu ya katani, yosaonekera, ya windo laling'ono. Nditafika ndinawapeza kuseri kwa nyumba, kuboyizikota, kachipinda kaja amamangira antchito. Munkasungidwa matayala akale ndi matumba a chimanga. Anali atatulutsitsa zonse, atasesa, atalowetsa bedi, tebulo ndi mabuku awo. Anandiuza akumwetulira kuti mwana wawo wanena yekha kuti lamulo ndi la m'nyumba, ndipo kuno si m'nyumba.

Aliyense wodziwa Lilongwe akudziwa kulemera kwa chinthu chimenechi. Bwana wa ku Capital Hill, mkulu wampingo, amayi ake omubereka akugona kuboyizikota! Nkhani inafika kutchalitchi Lamlungu lisanakwane. Azimayi amvano anabwera kudzaona ndi maso awo, n'kubwerera akugwedeza mitu. Achibale akumpoto ankaimba foni kufunsa ngati mkamwana wawo, amake Tawonga, ndi amene wawathamangitsa. A Vitumbiko anachonderera, anakalipa, anatuma akuluakulu. Madamu ankangoti ali bwinobwino, mphepo ikupita bwino, ndipo mwana akafuna agogo ake akudziwa kumene ali.

Poyamba Tawonga sankapitako. Ankaima pakona ya nyumba n'kumasuzumira. Madamu sanamuitane. Ankangokhala pakhomo pawo masana akukazinga mtedza pambaula, buku lili pamiyendo, nthawi zina n'kumaseka okha ndi zimene akuwerenga. Fungo la mtedza ndi chidwi chofuna kudziwa chimene chikuseketsa agogo zinamukoka mwanayo. Amake anamuona akupita, ndipo ndiwayamikire pamenepa, sanamuletse. Mwina nawonso funso lija linali litawakhala pamtima.

Ndinaonererapo maphunziro awo kangapo, ndipo anali oseketsa. Chichewa cha Tawonga chinali chopunduka kuposa Chingerezi cha agogo anga. Ankati akatseka buku n'kuyamba kufotokoza, ankasakaniza Chingerezi, Chichewa chotola kwa anzake, timawu ta Chitumbuka tomwe ankamva bambo ake akulankhula pafoni, mpaka manja ndi miyendo yomwe. Madamu sankamukonza. Ankati afotokoze ndi chilichonse chimene ali nacho, bola chichokere m'mutu mwake, osati papepala. Masiku ena mwanayo ankatopa n'kuthawa, masiku ena ankakwiya. Miyezi inapita ndithu.

Tsiku lina masana, ndili pakati poyeza nsalu ya ukwati, foni inalira. Anali Madamu, ndipo mawu awo anali okwera mwa njira imene ndinali ndisanaimvepo. Ndinachita mantha kuti mwina agwa.

"Walira! Ukundimva? Walira!"

"Ndani, Madamu? Kwagwanji?"

"Tawonga! Ndinamupatsanso nkhani ya mtsinje ija. Wafika pa zikwama ziwiri zija, waima, wabwerera m'mbuyo yekha, kenaka wandiyang'ana n'kunena kuti, agogo, wamkulu uja madzi amutenga. Panopa akulira, sakutonthozeka!"

Sindinaonepo munthu akusangalala chotero chifukwa choti mdzukulu wake akulira. Ndinaima ndi sizasi m'manja, nanenso misozi ili mbwembwembwe, kasitomala akudabwa. Ndinawakonda kwambiri Madamu tsiku limenelo, kuposa masiku onse.

Apa mpamene nkhani inayenera kuthera bwino, koma anthu a m'banja limeneli mitima yawo ndi yofanana. Lamulo lija linafa lokha. Tawonga anayamba kulankhula chilichonse patebulo, ndipo palibe amene ankamuletsa. Amake anapita okha kuseri kuja, anagwada, n'kuwapempha apongozi awo kuti abwerere m'nyumba. Madamu anawalandira bwino, anawapatsa mtedza, koma anati adzabwerera tsiku limene Vitu adzalowe m'chipindamo n'kukhala pansi kuti akambirane. A Vitumbiko nawo anati sangalowe m'chipinda chimene chinawachotsera ulemu mumzinda wonse. M'mawa uliwonse popita kuntchito ankaima panja, atavala suti, n'kupereka moni. Amayi awo ankayankha ali m'kati. Ankawagulira mabulangete, anaikitsa siling'i, anakonzetsa denga, koma phazi lawo silinadutse pakhomopo.

Ine ndinawauza Madamu kuti apa ndiye akuwonjeza. Chimene ankafuna chinali chitatheka, ndipo kachipindako kankazizira kwambiri m'miyezi ya chisanu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundiuza kuti ndizisamala za nsalu zanga. Mpaka lero ndimaona kuti analakwitsa, ndipo zimandipweteka. Chifuwa chimene chinawatenga chinayambira m'menemo. Anamwalirira kuchipatala, mwana wawo atawagwira dzanja, koma nthawi imeneyo mawu anali atatha kale.

Sabata yatha ndinapita ku Area 47 kukaonetsa nsalu yomwe ndasankha. Amake Tawonga anandiuza kuti bambo ali kuseri. Ndinazungulira nyumba mwakachetechete. Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotsegula. Bedi lilipobe koma lopanda matiresi, mabuku anaikidwa m'makatoni, ndipo pakhoma pali mzere wakuda pamene mutu wawo unkatsamira akamawerenga. Ndi kachipinda kakang'ono zedi, koti munthu ukatambasula manja umatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Ndinadabwa kuti mayi wamkulu chotero ankakwanamo bwanji.

A Vitumbiko anali m'kati. Anali atakhala pa mathabwa a bedilo, nsapato atavula pakhomo, mawondo atatsala pang'ono kufika pachibwano. Tawonga, amene tsopano ndi namwali wa kusekondale, anakhala pansi atatsamira khoma. Sanandione. Ndinamva bamboyo akufunsa ndi mawu otsika, m'Chichewa.

"Ndiye ankakhala mbali iti?"

"Pomwe mwakhalapo, adadi."

"Nanga za ine ankanenapo chiyani?"

Tawonga anayankha akuyang'ana pansi.

"Ankati m'mawa mukabwera kudzapereka moni, iwo sankamvera mawu anu. Ankamvera nsapato zanu, kuti mwina lero zisuntha."

Ndinabwerera chambuyo pang'onopang'ono, nsalu yanga ili kukhwapa. Ndinakaisiya kukhitchini n'kuwauza amake Tawonga kuti bambo adzaiona tsiku lina.